Nsapato Zotsukidwa pa Chipata cha a Zadow

Mtembo unapezeka Lolemba m'ma seveni koloko m'mawa, m'munsi mwa phompho lakumtunda kwa mudzi wa Rosenau, pomwe kanjira ka oyenda pansi kamakhota kulambalala minda ya mpesa. Anaupeza ndi amayi awiri a ku Adelaide amene ankayenda m'mapiri a Barossa mudzi ndi mudzi, monga amachitira alendo nyengo yothyola mphesa ikafika.

Sajeni Verna Klemm, yemwe imvi zinamumerera akufufuza milandu m'chigwachi, anatsika mogwirira mitengo. Womwalirayo anali bambo wa zaka za m'ma fifite, chikwama chidakali kumsana, bala lalikulu kunkhongo. Chitupa panalibe, foni panalibe.

"Waterereka uyu," anatero Konsitebulo Mick Hanrahan, amene anatsika naye. "A m'tauniwa amalawa vinyo khomo lililonse, kenako n'kumadziyesa mbuzi za m'phiri."

"Woterereka amasupuka m'manja, Mick. Taona manja akewa, alibe ndi kabala komwe."

Verna anagwada. Anali ndi chizolowezi chopempherera chamumtima aliyense womupeza chonchi, poti palibe munthu wopanda kwawo. Mwana wake yemwe anali ku Perth, chaka chachisanu tsopano osaimba foni, ndipo pa nkhope iliyonse yachilendo Verna ankayamba wafunafuna nkhope ya mwanayo. Ali chigwadire, anamva fungo la klorini. Nsapato za womwalirayo zinali zachinyezi, zingwe zake zitayezuka, chikhalirecho mvula inali isanagwe chiyambire Januwale.

Ku hotela ya m'mudzimo anati mlendoyo anangodzitchula kuti Ray wa ku chigawo cha Victoria, ndipo Loweruka madzulo anakangana ndi Des Kowald, woyendetsa lole ya mphesa. Pofika masana Des anali m'chipinda chofunsira mafunso.

"Munamumenya ndi chiyani, a Des?"

"Ine? Mayi Klemm, mumandidziwa, mphamvu zanga zonse zili pakamwa. Tinkatsutsana za mpira basi. Ndinamuuza kuti a ku Victoria mpira amaudziwa powonera. Iye kuseka! Akuti, 'Aise, ine wa ku Victoria? Mchombo wanga uli m'phiri lomweli.' N'kundigulira mowa."

"Wakugulira mowa iwe n'kumusiya wamoyo?" anatero Mick.

"Iwe Mick, wondigulira mowa ndimamusamala ngati dzira. Anati galimoto waisiya ku tauni ya Tanunda, akubwera wapansi kuti mtima uyambe wakhazikika. Akuti mawa lake akukaona bambo ake."

Lamulungu lonse Des anali pamsewu wa ku Riverland ndi lole yake, ndipo kofulira vinyo kumene anakatula mphesa anachitira umboni. Anamumasula. Galimoto ija inapezeka Lachiwiri m'mawa kuseri kwa sitolo ku Tanunda. Mick anaimba foni n'kutchula dzina la mwini wake: Reinhold Zadow.

Verna anakhala pansi. Zaka makumi awiri zapitazo, Alwyn Zadow anaimirira m'tchalitchi cha Rosenau n'kuuza mpingo kuti mng'ono wake Reinhold, amene ankangomutchula kuti Reinie, wamira m'nyanja ku Tasmania, mtembo osapezeka. Woimba limba pa mapemphero omukumbukira anali Verna yemweyo. Mpaka lero Alwyn ankaimba mawu a besi m'kwaya kumbuyo kwa Verna Lamulungu lililonse.

Verna anafika kwa a Zadow m'ma thu koloko. Njira yopita kunyumbayo inkadutsa pakati pa mpesa wakale umene makolo awo anabzala atangotsika m'sitima kuchokera ku Jeremani. Pachipata panali beseni lalikulu lovundikira. Alimi a kuno amaopa nsabwe zodya mizu ya mpesa kuposa moto. Ku Victoria zilipo, kuno sizinafike, ndipo zimayenda m'dothi la kunsapato. Nchifukwa chake mlendo salowa asanaponde m'madzi a klorini. M'malo moponda m'madzimo, Verna anasiya nsapato zake pachipata, n'kuvala majombo a alendo opachikidwa pampanda.

Pakhonde panakhala a Gustav Zadow, bambo wa anyamata awiriwo, zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, maso atachita khungu, nkhope italoza kunjira.

"Ndani uyo? Reinie?"

"Ayi bambo, ndine Verna wa limba."

"Pepa mwana wanga. Ndikudziwa kuti nyanja inamutenga. Mutuwu unamva, koma makutuwa anakana. Chipata chikangolira, mtima umadumpha."

Verna anawagwira dzanja kanthawi. Kenako anakapeza Alwyn m'shedi, n'kumupempha kuti atsike naye kuchipata, kutali ndi makutu a nkhalambayo.

"A Alwyn, munthu tinamupeza kuphompho uja ndi mng'ono wanu."

Alwyn anavula chipewa. "Reinie? Ndiye kuti anandinamiza amene anati anamira. Wagwa asanafike pakhomo, Ambuye chifundo."

"Simunamuone?"

"Ndikanamuona bwenzi nditapha nkhosa."

"Lamulungu othyola mphesa anagwira ntchito?"

"Pano Lamulungu sitigwira, mukudziwa inu."

"Klorini mumasungunula liti?"

"Mlendo akafika. Mankhwala ogona m'beseni amatha mphamvu ndi dzuwa."

"Amasungunula ndani?"

"Ine. Mankhwala amakhala pa loko."

"Kanjira ka alendo sikalowa m'munda wa munthu aliyense, a Alwyn. Mick wazungulira phiri lonseli. Anzanu onse akuti mabeseni awo anali ouma Lamulungu. Koma nsapato za Reinie zatsukidwa ndi klorini watsopano mpaka zingwe kuyezuka. Wina anamva kuti wachokera ku Victoria n'kumusungunulira mankhwala. Amene anatero anayankhula naye."

Alwyn anayang'ana beseni lija. Kenako anakhala pansi m'fumbi, bambo wamkulu wa mapewa ngati chitseko, chipewa chili pamaondo.

"Verna, ndinatengulira mpesa uwu dzinja lililonse mpaka zala kupindika. Reinie anakangana ndi bambo n'kuchoka ali mnyamata. Chichokereni, madzulo alionse bambo ankaima pachipata pano kuyang'ana kumsewu. Ine ndinkadutsa pambali pawo ndi thukuta langa, osandiona. Zaka khumi! Ndinaganiza kuti ndikati wamwalira, alira, atonthola, kenako atembenuka n'kuona kuti mwana wina alipo."

"Nanga Reinie?"

"Ataimba foni ndinamuuza kuti bambo anamwalira asanamukhululukire, asadzapondenso kuno. Anakhulupirira. Ndiye mwezi watha anaona chithunzi chawo m'nyuzipepala ya alimi."

"Lamulungu chinachitika n'chiyani?"

"Bambo anagona titabwera kutchalitchi. Ine ndinkakonza waya woduka apa, ngakhale linali Lamulungu. Nditadzutsa mutu, uyo, chikwama kumsana. Akuti, 'Achimwene, ndabwera.' Mukudziwa chimene ndinamuyankha? Zaka makumi atatu tisanaonane. Ndinati, 'Tsuka nsapato.'" Analoza besenilo. "Anaima m'besenimu akumwetulira ngati kamwana. Sanandikalipire n'komwe. Akuti, 'Zakale zapita, ndingofuna andigwire kumutu.' Atatuluka n'kuyamba kukwera, ndinaona zonse m'maganizo: bambo akumukumbatira, bambo akudziwa kuti ndine amene ndinawabera mwana. Chitsulo chokungira waya chinali m'manja mwanga."

Anaulula zotsala mosabisa: kuti anamunyamula pa galimoto ya pamunda n'kukamuponya kuphompho, ndipo foni, chitupa ndi chitsulocho zili m'damu.

"Mpesa munauteteza," anatero Verna motsitsa mawu.

"Sindinaganize n'komwe. Manja anangochita zimene anazolowera."

Verna anayang'ana besenilo. Anakumbukira Ambuye amene anagwada ndi beseni usiku wa mgonero, osadumpha ngakhale mapazi a womupereka, ndipo anapempha kuti chifundo chomwecho chisadumphe munthu wokhala m'fumbiyu. Anamuuza mlandu wake ndi ufulu wake monga lamulo linenera. Mick, amene ankadikira kumsewu, anamutsegulira chitseko cha galimoto mopanda nthabwala.

"Nanga bambo, ndani aziwameta ndevu?" anafunsa Alwyn. "Samalola wina aliyense."

"Mpingo ulipo. Ndiyamba ndine."

Chipata chinalira pamene Verna anachitseka. Anakwera pakati pa mizere ya mpesa, mphesa zakupsa zikununkhira m'dzuwa, mbalame zikuuluka kubwerera kumitengo yawo. Pakhonde, a Gustav anali ataimirira kale, atagwira mzati, nkhope ikuwala.

"Reinie?"

Verna anakwera masitepe, anawakhazika pampando, n'kugwada pambali pawo atagwira manja onse awiri.

"Makutu anu sananame, bambo," anatero. "Anabwera. Anayenda wapansi mapiri onsewa kudzakuonani, ndipo anafika mpaka pachipata."