Tamsin Abisa Magalasi

Tamsin anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ankakhala ku Portsmouth, pafupi ndi doko. Tamsin ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna amayi ake.

Amayi ake anali msilikali wa pamadzi. Ankagwira ntchito m'sitima yankhondo. Sitimayo inali yaikulu, yotuwa. Pamwamba penipeni panali chimpira cha nyanga. Chimpiracho chinkazungulira osapuma. Ndilo diso la sitima. Limaona ndege zili kutali. Limaona mizinga ili kutali. Ntchito ya amayi inali kulondera kumwamba, kuti sitima zina ziziyenda mwamtendere.

Sitima inanyamuka masamba a mitengo akuyoyoka. Nyengo yozizira inabwera. Nyengo yozizira inapita. Amayi osabwera.

Tamsin ankawasowa amayi. Ankawasowa m'mawa, popesa tsitsi. Abambo ankapesa ngati akusesa pabwalo! Ankawasowa masana, pa geti ya sukulu. Ankawasowa Lamlungu, poona mpando wopanda munthu. Amayi ankaimba foni mwa apo ndi apo. Ankamveka mawu okha, nkhope ayi.

Tsiku lina aphunzitsi anaitana abambo.

"Tamsin sakuona bwino pa bolodi," anatero aphunzitsi.

Abambo anapita naye kwa dokotala wa maso. Anabwerako ndi magalasi. Anali ofiira, ozungulira, aakulu.

Koma ndiye dziko linasintha! Tamsin anaona nambala ya basi. Anaona mbalame padenga. Anaona nyerere pakhoma. Anafika kunyumba akudumphadumpha.

Achimwene ake, a Fraser, anamuyang'ana. Kenako anaphulika nako kuseka.

"Taonani kadzidzi!" anatero Fraser. "Amayi akabwera adzakupitirira iwe. Adzati, mwana wanga ali kuti? Uyu ndi wa eni ake!"

"Bodza!" anakuwa Tamsin.

"Iwe Fraser, pakamwapo," anatero abambo.

Pofika madzulo Fraser anali ataiwala. Achimwene amatero, amalankhula n'kuiwala. Koma Tamsin sanaiwale. Anapita pa kalilole. Anavala magalasi. Anavula. Anavalanso. Zoonadi, sanali kuoneka ngati kale. Mtima wake unadzaza mantha.

Kenako tsiku lija linafika. Sitima ikubwera lero!

Padoko panali anthu osayamba. Ena ananyamula maluwa. Ena ananyamula zikwangwani. Bandi inkaimba. Mphepo ya kunyanja inkawomba.

Abambo anamunyamula Tamsin. Anamukhazika pamapewa. Kumwambako palibe amene ankamuona. Tamsin anavula magalasi mwakachetechete. Anawabisa m'thumba la jekete.

"Tsopano amayi andidziwa," anatero chamumtima.

"Iyo! Iyo sitima!" anthu anakuwa.

Tamsin anatong'ola maso. Sanaone chimpira cha nyanga. Sanaone mbendera. Anangoona chinthu chachikulu chotuwa, ngati mtambo.

Sitima inayandikira pang'onopang'ono. Asilikali onse anali atandanda m'mbali mwake. Zovala zofanana. Zipewa zofanana. Tamsin ankangoona timizere takuda.

"Amayi awo!" anakuwa Fraser. "Amayi! Amayi!"

"Ukuwaona, Tamsin?" anafunsa abambo.

"Eee," anayankha Tamsin ndi kamawu kakang'ono. Koma sanali kuwaona. Anangosankha kamzere kamodzi. Anakweza dzanja, n'kuyamba kubayibitsa.

"Iwe, ukubayibitsa ndani?" anafunsa Fraser. "Amenewo ndi abambo a ndevu! Amayi ali ndi ndevu?"

Fraser anayang'ana m'mwamba akuseka. Kuseka kunathera panjira. Tamsin anali kulira.

"Magalasi ako ali kuti?" anafunsa Fraser.

"M'thumba."

"Chifukwa?"

"Ndikawavala amayi sandidziwa. Munanena ndinu."

Fraser anazyolika. Makutu ake anafiira ndi manyazi.

"Aaa, iwenso," anatero Fraser. "Ine ndinkangocheza. Pepa, mchemwali wanga."

Abambo anamutsitsa Tamsin. Anagwada pansi. Anamupukuta misozi ndi chala.

"Mwanangu, wadikira miyezi yonseyi," anatero abambo. "Amayi ali apo. Sukufuna kuwaona?"

Tamsin anapisa dzanja m'thumba. Anawagwira magalasi aja. Akawavala, mwina amayi samudziwa. Akapanda kuwavala, iye sawaona amayi. Anaganiza. Anaganizanso.

"Kaya andidziwa, kaya sandidziwa," anatero Tamsin. "Ine ndikufuna kuwaona."

Anavala magalasi. Abambo anamukwezanso pamapewa.

Sitima ija inaoneka mbee! Chimpira cha nyanga, icho. Mbendera, iyo. Abambo a ndevu, awo. Ndipo pafupi nawo, amayi!

"Amayi!" anakuwa Tamsin. "Amayi, ndine! Ndine Tamsin!"

Anabayibitsa ndi manja onse awiri. Koma amayi sanakweze dzanja. Anangoima njo, ngati mtengo.

"Mwaona?" anatero Tamsin. "Sanandidziwe."

"Ayi, mwanangu," anatero abambo. "Ndi lamulo la ntchito. Sitima ikamalowa padoko, onse amaima chilili. Dikira pang'ono."

Pang'ono pa akuluakulu, inu mukupadziwa. Pamatalika! Asilikali anaponya chingwe choyamba. Anamanga. Anaponya chingwe china. Anamanganso. Tamsin anadikira.

Kenako anthu ogwira ntchito padoko anaika mlatho wotsikira. Asilikali anayamba kutsika. Abambo anamuika Tamsin pansi. Tsopano ankangoona miyendo ya anthu. Miyendo kumanja, miyendo kumanzere. Tamsin anagwira dzanja la Fraser zolimba.

Mwadzidzidzi anthu anapatuka. Amayi anatulukira akuthamanga, chipewa m'manja. Sanayang'ane uku kapena uko. Analunjika kwa Tamsin. Anagwada, namukumbatira.

"Tamsin wanga! Tamsin wanga!"

"Mwandidziwa, amayi?"

"Ndikuiwale iwe? Ndinakuona kalekale, sitima isanaime. Dzanja linkachita kuyabwa kuti ndikubayibitse!"

"Ndi magalasi omwe?"

"Ndi magalasi omwe. Akukhala bwanji, mayi iwe!"

Amayi anakumbatira Fraser. Anakumbatira abambo. Onse anali kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Kenako amayi anagwadanso pamaso pa Tamsin.

Tamsin anawayang'ana pafupi. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, muli ndi timadontho pamphuno."

"Ndakhala nato kuyambira ndili mwana," anatero amayi akuseka.

"Ine sindinationepo."

"Tiyeni kunyumba, anthu inu," anatero Fraser. "Ine njala yandipha."

"Dikirani kaye, achimwene," anatero Tamsin.

Anagwira masaya a amayi ndi manja onse awiri.

"Musagwedezeke, amayi. Ndikufuna ndikuoneni bwinobwino."

Ndipo amayi sanagwedezeke.