Sofa Yoyenda Khomo ndi Khomo

Dalal anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'nyumba ya miyala yachikasu, pamwamba pa masitepe okwera phiri. Nyumbayo inali yakale. Inali yakale kuposa abambo ake. Inali yakale kuposa agogo ake.

Dalal ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti asasamuke.

Tsiku lina kunabwera kalata ya ku khonsolo. Abambo anaiwerenga ataimirira. Kenako anaiwerenganso atakhala pansi.

"Akufuna kukuza msewu wopita ku mzinda wa Amman," anatero abambo. "Nyumba zina azigwetsa."

"Yathunso, ababa?" anafunsa Dalal.

"Yathunso, ngati sailemba m'buku."

"Buku lanji?"

"Buku la nyumba zakale. Nyumba ikalowa m'bukumo, saigwetsa. Lachinayi kubwera injiniya. Ayenda khomo ndi khomo. Akufuna kuona nyumba zakale zenizeni."

Dalal anaomba m'manja.

"Ndiye tapulumuka! Yathu ndi yakale kwambiri!"

Amayi sanaombe m'manja. Anayang'ana khoma. Anayang'ana pansi. Kenako anagwira tsaya.

"Mlendo wa boma alowe muno?" anatero. "Muno muli chonchi? Bambo a Dalal, tichita manyazi."

Lolemba abambo anagula penti woyera. Anapaka makoma onse a pabalaza. Miyala yachikasu inabisika.

"Ababa, mlendoyo akufuna zakale kapena zatsopano?" anafunsa Dalal.

"Zakale, mayi."

"Nanga pentiyu ndi wakale?"

"Ndi watsopano."

"Nanga mukupakiranji?"

"Chifukwa ndi mlendo. Tandigwirira makwererowa."

Dalal anagwira makwerero. Koma sanamvetse.

Lachiwiri amayi anayala kapeti yofiira. Matailosi akale a maluwa anabisika. Anapachikanso makatani aatali. Mazenera akale anabisika.

"Amayi, mlendoyo akufuna zakale kapena zatsopano?" anafunsa Dalal.

"Zakale."

"Nanga zakalezo aziona bwanji?"

"Iwe, mafunso ako alibe malire. Tagwira uku."

Dalal anagwira kapeti. Koma sanamvetse.

Lachitatu anatolera zinthu zonse zakale. Ananyamula bokosi lamatabwa. Ananyamula mphero. Ananyamula nyale yamkuwa. Zonse anazilowetsa m'chipinda cha Dalal. Amayi anakhoma chitseko. Kiyi anaika m'thumba.

"Chitseko ichi usachikhudze," anatero amayi. "Ndipo mawa, pamaso pa mlendo, usatulutse mawu. Wamva?"

"Ndamva," anatero Dalal.

Anamvadi. Koma sanamvetse.

Kumunsi kwa masitepe kunkakhala amake Hashim. Iwo anali ndi sofa yobiriwira. Mwana wawo Hashim anawatumizira kuchokera kutali kumene ankagwira ntchito. Sofayo inali yatsopano. Inali ikadali m'pulasitiki wake. Sofa yatsopano m'dera lonselo inali yomweyo.

Lachinayi linakwana. Dalal anakhala pa sitepe yapamwamba. Kuchokera pamenepo ankaona nyumba zonse.

Injiniya anafika. Anali mayi wachitsikana. Dzina lake anali Maysun. Anavala nsapato zafulati. M'manja anali ndi kope ndi cholembera.

Analowa m'nyumba ya amake Hashim. Anakhalamo pang'ono. Kenako anatuluka.

Kwathu kuno kutsazikana sikuchedwa kuyamba, koma kumachedwa kutha. Pakhomo eni nyumba anamugwira chanza. Anamufunsa za mayi ake. Anamufunsa za azakhali ake. Anamugwiranso chanza.

Dalal anayang'ana kuseri kwa nyumbayo. Anaona azibambo anayi. Anali atasenza sofa yobiriwira! Ankathamanga nayo kupita ku nyumba yachiwiri. Amake Hashim ankatsatira pambuyo.

"Pang'onopang'ono, akuluakulu inu!" ankatero. "Si thumba la anyezi limenelo!"

Injiniya analowa m'nyumba yachiwiri. Sofa inali itafika kale.

Injiniya anatuluka. Sofa inatulukira kuseri.

Injiniya anakwera masitepe. Sofa inakweranso masitepe.

Nyumba yachitatu. Nyumba yachinayi. Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi.

Dalal anakanda mutu. Kodi injiniya akuyendera nyumba, kapena sofa ndi imene ikuyendera nyumba?

Masana sofa inafika kwa Dalal. Azibambo aja anali wefuwefu. Anaiika pakati pa balaza. Amake Hashim anakhala pafupi nayo kuti ailondere.

"Odi!" anatero injiniya pakhomo.

"Lowani, lowani, a Injiniya!" anatero abambo. "Nyumba ndi yanu. Mwaibweretsera kuwala lero."

Injiniya analowa. Anayang'ana khoma loyera. Anayang'ana kapeti yofiira. Anayang'ana makatani aatali. Kenako anayang'ana sofa kwa nthawi yaitali.

"Sofa iyi ndikukhala ngati ndikuidziwa," anatero.

"Zimafanana," anatero amake Hashim msangamsanga.

"Inunso ndikukhala ngati ndikukudziwani, amayi."

"Timafanana."

Injiniya anakhala pansi. Pulasitiki analira kuti phwii.

"Bambo a Dalal, nyumbayi inamangidwa liti?" anafunsa.

"Zimenezo pambuyo. Yambani mwapuma."

"Ndingaoneko zipinda zina?"

"Aa, mulibe kanthu m'menemo," anatero amayi. "Ndi zinyalala zokhazokha. Khalani pabwino pano."

Injiniya anapumira m'mwamba. Anatsegula kope lake.

Abambo anapita kukatenga khofi. Amayi anapatsa Dalal mbale ya zipatso za kanjedza.

"Pita ukapereke. Ndi manja awiri."

Dalal anapita ndi manja awiri. Anaima pafupi ndi injiniya. Kope linali lotsegula. Dalal ankadziwa kuwerenga.

Nyumba yoyamba: Yatsopano.

Nyumba yachiwiri: Yatsopano.

Yachitatu, yachinayi, yachisanu, yachisanu ndi chimodzi: Yatsopano.

Cholembera chinali pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Chinali chitalemba kale "Ya".

Dalal anawerenganso. Yatsopano silowa m'buku. Yosalowa m'buku amaigwetsa.

Anayang'ana amayi. Amayi anamutong'olera maso. Anayang'ana chitseko cha chipinda chake. Chinali chokhoma. Kulankhula anamuletsa. Kukhudza chitseko anamuletsa.

Abambo anabwera ndi khofi wowawa. Anathira pang'ono m'kakapu. Anapereka kwa mlendo ndi dzanja lamanja.

Dalal anawerama ngati akusendeza mbale. Mawu sanatulutse. Anangonong'ona.

"Anti, musamwe. Ikani pansi. Mupemphe chipinda changa."

Injiniya anamuyang'ana. Anayang'ana kakapu. Pang'onopang'ono anakaika patebulo.



Kwathu kuno, mlendo akaika kapu pansi osamwa, aliyense amadziwa. Mlendoyo ali ndi pempho lalikulu. Samwa mpaka mwini nyumba atavomera. Khofi akazizirira m'kapu, mwini nyumba amachita manyazi chaka chonse.

"Khofi wanga walakwa chiyani?" anafunsa abambo. "Mwagwera ntchentche?"

"Khofi ndi wabwino," anatero injiniya.

"Ngati akutumani kudzafunsira mbeta, pepani. Dalal ali m'kalasi yachiwiri."

"Si zimenezo, bambo."

"Akufuna sofa yanga!" anakuwa amake Hashim. "Ndinaona mmene amaiyang'anira. Sindigulitsa!"

"Si sofa, amayi."

Nthunzi ya khofi inayamba kuchepa. Abambo anayang'ana kakapu.

"Imwani khofi wanu, a Injiniya," anatero. "Chimene mwadzera ndapereka."

"Musanamve n'komwe?" anafunsa amayi.

"Ndalankhula kale, amake Dalal."

Injiniya anamwa khofi uja kamodzi n'kamodzi.

"Ndikupempha kuona chipinda cha Dalal," anatero.

Amayi anatseka maso. Kenako anapisa dzanja m'thumba. Kiyi analira m'chitseko. Chitseko chinatseguka.

"Pepani fumbi," anatero amayi. "Pepani mphero. Pepani zonse."

Injiniya sanamve. Anali atayang'ana kumwamba.

Denga la chipindacho linali lamatabwa. Pamatabwapo panali zojambula. Panali mitengo ya makangaza. Panali mbalame zabuluu. Panali nyenyezi zazing'ono. Utoto unali utafwifwa, koma zonse zinkaoneka.

Cholembera chinagwa m'manja mwa injiniya.

"Ndi loipa kwambiri?" anafunsa abambo. "Penti watsalako. Mawa ndipaka."

"Ayi!" anakuwa injiniya. "Musalikhudze!"

Abambo anabwerera m'mbuyo.

"Mbalame zilipo khumi ndi zinayi," anatero Dalal. "Imodzi ilibe mchira." Kenako anagwira pakamwa. Anali atalankhula pamaso pa mlendo.

Amayi sanamukalipire. Nawonso anali atayang'ana kumwamba.

Injiniya anabwerera pabalaza. Anagwada. Anakweza kona ya kapeti. Matailosi a maluwa anaonekera. Anakoka makatani. Mazenera akale anaonekera. Kenako anakanda khoma ndi chikhadabo.

"Penti uyu wapaka ndani?"

"Ine," anatero abambo monyada. "Ndinapaka kawiri."

"Muyenera kumuchotsa."

"Ndimuchotse?"

"Yense."

"Koma ndinapakira inu!"

"Zikomo kwambiri. Mumuchotse."

Abambo anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana amake Hashim. Amake Hashim anayang'ana sofa. Tsopano amene sanamvetse anali akuluakulu.

Injiniya anafufuta "Ya" uja. Analemba mawu ambiri. Anajambula zithunzi za denga. Anajambula matailosi. Anajambula ngakhale mphero.

"Nyumba zina zija zilinso ndi zipinda zokhoma?" anafunsa.



"Zonse," anatero Dalal.

"Ndiye ndibwerera. Ndiyambiranso nyumba yoyamba."

Amake Hashim anadzuka msanga. "Dikirani pang'ono, ndiitane azibambo aja."

"Sofa ipume, amayi," anatero injiniya. "Yayenda kwambiri lero."

Pakhomo Dalal anakoka malaya a injiniya.

"Anti, mwailemba m'buku?"

"Buku silili kwa ine, mwanawe. Lili ku khonsolo. Akuluakulu akhala pansi. Aona zithunzi. Kenako akuyankhani."

"Liti?"

"Posachedwa."

Posachedwa wa ku khonsolo ndi wautali. Sabata inatha. Abambo ankapala penti. Sabata ina inatha. Abambo ankapalabe penti. Tsitsi lawo linayera ndi fumbi.

"Kupaka tsiku limodzi," ankadandaula. "Kuchotsa mwezi wathunthu. Boma ili!"

Tsiku lililonse Dalal ankakhala pa sitepe yapamwamba. Ankadikira kalata. Galimoto yaikulu ikamveka kumunsi, ankathamangira m'nyumba.

"Amayi, abwera kudzagwetsa?"

"Ayi, ndi wogulitsa mavwende."

Kenako, m'mawa wina, kalata inafika. Dalal anathamanga nayo. Abambo anapukuta manja pa thalauza. Anaitsegula.

"Akuti bwanji?" anafunsa amayi.

"Akuti nyumba yathu yalowa m'buku."

"Nanga za anzathu?"

"Zonse zisanu ndi ziwiri. Msewu udzera kumunsi kwa phiri."

"Ndiye sitisamuka?" anafunsa Dalal.

"Sitisamuka, mayi."

Dalal analumpha. Analumphanso. Anathamangira m'chipinda chake. Anagona chagada pansi.

Abambo anabwera pakhomo la chipindacho. M'manja anali ndi kalata ija.

"Ine sindinamvetsebe," anatero. "Khoma loyera anakana. Sofa yatsopano anakana. Anakonda matabwa awa?"

"Simukuonera bwino, ababa. Muyenera kugona pansi."

"Ine? Munthu wamkulu?"

"Bwerani."

Abambo anasuzumira kunja. Kunalibe munthu. Anagona chagada pafupi ndi Dalal. Anayang'ana kumwamba.

"Chipinda chino chinali changa ndili mwana," anatero. "Ndinaiwala kuti muli mbalame."

Amayi analowa ndi tiyi. Anaona miyendo inayi pansi.

"Mwadwala?" anafunsa.

"Ikani tiyiyo, amake Dalal. Bwerani muone."

"Pansi? Nanga kukabwera mlendo?"

"Agona nafe pompano," anatero Dalal.

Amayi anaseka. Anaika tiyi pabokosi. Anagona pakati pawo. Dalal anakweza chala, nayamba kuwaonetsa mbalame, imodzi imodzi.