Shafiti Inatsala ku Limbe

Mvula inali itagwa masiku angapo osapumira pamene Linda anaimba foni kuchokera ku phiri la Soche. Unali m'mawa, koma kunja kunali bii ngati madzulo.

"Achimwene, madzi akutumphuka pansi pa simenti m'chipinda cha ababa. Anyamata a kutchalitchi abwera, akuti awanyamule pachitseko atsike nawo kusukulu."

Godfrey anaima pakhonde la nyumba yake ku Chitawira, maso ali pa galimoto yake yaikulu, yokwera msinkhu ija. Bambo ake, a January, anali atafa ziwalo mbali imodzi. Anali munthu amene anathawa madzi osefukira ku Nsanje n'kudzamanga pamwamba penipeni pa phiri, akumati madzi sakwera mtunda. Lero anyamulidwe pachitseko ngati maliro, anthu akuonerera, pomwe mwana wawo ali ndi galimoto yotere? Mtima wa Godfrey unakana.

"Auze anyamatawo akathandize ena," anatero. "Ndidzawatengera pakhomo pomwepo. Uwaveke jekete."

Komatu galimotoyo inali ndi nthenda yake yosadziwika dzina. Ikamakhota kapena kukwera chitunda, pansi pake pankamveka gu-gu-gu, chiwongolero n'kumanjenjemera m'manja. Ukangofika nayo kugalaja inkangoti zii, ngati mwana amene malungo amuthawa ataona dokotala. Amakaniko a mu Blantyre anaidyera bwino. Wina anasintha maberingi, wina mafuta a giyabokosi, wina anangoigwedeza n'kunena kuti ndi ziwanda. Pomaliza Gervazio, makaniko wa ku Limbe yemwe ankakhala nyumba yoyandikana ndi Godfrey, anamasula shafiti yopereka mphamvu ku matayala akutsogolo, kuti angomva ngati phokosolo linkachokera kumeneko. Phokoso linatha. Gervazio anati chothetsa phokoso si chothetsa nthenda, abwerenso afufuze bwino, koma Godfrey anali atatopa nawo magalaja. Pa tala ya m'tauni galimoto inkayenda myaa, ndipo iye sanabwererenso.

Anakagogoda kwa Gervazio. Mkuluyo anatuluka atafunda thumba la feteleza kumutu.

"Kuphiri? Abwana, galimoto ija ikukankha ndi matayala ambuyo okha. Shafiti ili ku Limbe. Tidzere kugalaja, ndiimange msangamsanga."

"Ku Limbe n'kumbuyo. Ababa akudikira."

"Matope a kumeneko ine ndimawadziwa."

"Kwerani, a Gervazio. Tengani chingwe ndi fosholo basi."

Ananyamuka. Msewu unali utasanduka mtsinje, madzi ofiira akukokolola mabenchi a mavenda, madengu ndi nkhuku zakufa. Pa kamlatho ka Naperi anapeza minibasi itagona chammbali, kondakitala ataimirira pamwamba pake akukuwa kuti anthu abwerere. Gervazio anatsika, nayenda patsogolo ndi ndodo, madzi akumulekeza m'ntchafu, akufufuza pomwe tala inathera. Godfrey anamutsatira pang'onopang'ono, madzi akulowera m'zitseko mpaka kunyowetsa mapazi. Atawoloka anamenya chiwongolero mokondwa.

"Mwaionatu! Mumati chiyani?"

Gervazio ankafinya buluku lake, maso ali kuphiri, kumene mtambo unali utakhala ngati chivundikiro.

Kupitirira ku Manja anapeza mtengo wa bulugamu utagwa pamodzi ndi mawaya a magetsi. Anakhotera m'tinjira ta pakati pa nyumba, akukhula mipanda, kufikira anatulukira pa msewu wafumbi wokwera phiri. Apa anakumana ndi anthu akutsika: amayi ana kumsana, matilesi pamutu, agogo akukokedwa dzanja. Aliyense ankawakupiza mkono kuti abwerere.

Chitunda choyamba anakwera. Chachiwiri galimoto inayamba kuvina. Godfrey anakoka kagiya kakang'ono koitanira matayala onse anayi, kagetsi kanayaka bwinobwino, koma akutsogolo anangoti duu. Ambuyo anazungulira, akulavula matope, thako la galimoto likutsetserekera kungalande mpaka linakhala pansi.

Anakumba. Anaika miyala, nthambi, ngakhale makapeti a m'galimoto momwemo. Godfrey anaponda mafuta mpaka injini inalira mokweza ngati ng'ombe yomangidwa, utsi uli tolotolo, koma galimoto inkangomirirabe. Mvula ikakuona litsiro sikata. Nthawi imene anataya pamenepo ikanakwana kupita ku Limbe ndi kubwerako, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

"Tisiyeni izi," anatero Gervazio. "Tikawabereke kumsana. Mosinthana titsika nawo."

Anatenga chingwe nayamba kukwera wapansi, akugwira udzu ndi mizu. Nsapato za Godfrey zinatsalira m'matope. Atangopitirira kachigayo kotsekedwa, anamva pansi pakunjenjemera, kenaka mkokomo waukulu wochokera kumwamba, ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Gervazio anamukoka kolala n'kumugwetsera kuseri kwa thanthwe. Chapatali pang'ono, mbali ya phiri inadutsa: matope, miyala yaikulu ngati nyumba, mitengo yathunthu ili chiimire, malata akung'anima. Kenaka kunangotsala phokoso la mvula.

Atadzuka anaona mkazi atakhala pansi m'kanjira, wopanda mpango, matope thupi lonse. Anali Linda.

"Ababa ali kuti?"

Linda anamuyang'ana ngati sakumudziwa. "Anamva injini yanu ikulira kumunsiku," anatero ndi mawu ouma. "Anati, 'Ndi Godfrey ameneyo, wasochera njira. Thamanga ukamuonetse ya kuseri kwa chigayo.' Ndinawasiya atakhala pampando pakhomo, atavala jekete, chipewa chili pamaondo."

Godfrey anathamanga, akugwa, akudzuka. Pomwe panali nyumba ya bambo ake, ndi ya aneba, ndi mtengo wawo wa mapeyala, panali chigwembe chofiira chotsika mpaka kumunsi, madzi akuyenda pakati pake. Sanathe ngakhale kuloza pomwe panali khomo. Anagwada n'kuyamba kukumba ndi manja, akuitana "Ababa! Ababa!" mpaka mawu anatha. Gervazio anakumba naye. Miyala ina itayambanso kugubuduka kumtunda, Gervazio anamunyamula mokakamiza.

Anatsika atatu, Linda ali pakati. Galimoto anaidutsa osaiyang'ana, matope atafika kale m'mawindo. Pa sukulu ya kumunsi, pomwe anthu anathawira, Godfrey anaona anyamata a kutchalitchi aja akutsitsa mayi wina wokalamba pachitseko. Mayiyo anali wamoyo, akuwakalipira kuti amugwedeza kwambiri. Apo m'pamene Godfrey anakhala pansi m'madzimo n'kulira ngati mwana.

Masiku otsatira anabwerera kuphiri ndi makasu, pamodzi ndi ena ambiri ofuna abale awo. Ena anapezeka kutali kumunsi, mumtsinje. A January sanapezeke. Godfrey, amene kale sankatha chiganizo osatchula galimoto yake, anasanduka munthu wachete, wongoyang'ana pansi. Linda ankamupatsa madzi osamba ndi chakudya mwaulemu wonse, koma za tsiku lija sanamufunse kapena kumudzudzula, ndipo kukhala chete kumeneko kunkamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Mafoni atayambanso kugwira ku chigwa, Godfrey analandira foni ya a Maurice, mng'ono wawo wa a January, ali ku Nsanje. Kwawoko munthu ngakhale afere kutali chotani, amabwera naye kudzagona pafupi ndi makolo ake.

"Mwananga, tamva," anatero mkuluyo. "Abale asonkhana kuno. Malo tasankha kale, pafupi ndi mayi ako, pouma bwino. Adzukulu akungodikira mawu ako. Munyamuka nawo liti akulu anga? Tiyambe kukumba?"

Godfrey anayang'ana phiri la Soche, chilonda chake chofiira chikuonekera kuchokera pakhonde pomwepo.

"Musakumbe, ababa aang'ono," anatero. "Ndilibe woti ndibwere naye."