Nyanja Ikadzatayika

Kafunse anasiya kufunsa mafunso, ndipo m'nyumba munangoti zii ngati muli maliro. Mwana amene anapatsidwa dzinali chifukwa chosatseka pakamwa tsopano ankangokhala pansi, atakumbatira mwendo wa tebulo, chakudya chikuzizira pambali pake.

"Thupi silikutentha," anatero amayi ake atamugwira pamphumi. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo wamkulu. "Iwe Lilime, wamutani mng'ono wako?"

"Ine? Palibe," anayankha Lilime, maso ali m'mbale.

Koma ankadziwa. Dzana lake Kafunse anachokera kusukulu akuthamanga, n'kumupeza akuchapa yunifolomu.

"Achemwali, aphunzitsi akuti dziko ndi lobulungira ngati mpira, komanso limazungulira. Nanga bwanji nyanja sitayika?"

Lilime, amene anzake ankamutcha choncho chifukwa cha kuthwa kwa pakamwa pake, anali atatopa. Anatenga lalanje, n'kuliviika m'beseni, n'kulizunguza mwamphamvu. Madontho anamwazikira kumaso kwa mwanayo.

"Waona? Nthawi yake ikubwera. Mphepo ikadzakula, dziko lidzathamanga, nyanja yonse idzakhuthukira kumwamba."

"Nanga sitima ya Ababa?"

"Imeneyo ndiye idzayambirira."

Lilime anaseka, koma Kafunse sanaseke. Bambo awo ankagwira ntchito m'sitima yonyamula katundu, ndipo anali asanabwerere ku ulendo wautali. Lilime anadzitonthoza kuti ana sasunga kanthu, mawa aiwala. Kuulula pamaso pa amayi ndiko kunkamulemera.

Masana a tsiku lotsatira kunja kunasintha. Mitambo yakuda bii inatsika mpaka kukhudza madenga, mphepo n'kumakankha zitini mumsewu. Pochokera kusukulu, Lilime anapeza chitseko chili pululu. Amayi anali asanaweruke kuntchito. Pansi pa tebulo panalibe munthu. Kuseri kwa nyumba zovala zinali mbwee pansi, chingwe choyanikira palibe.

"Mng'ono wanu uja ndamuona akutsetserekera kudoko," anatero mayi woyandikana nawo akutseka mawindo. "Anakoleka chingwe paphewa. Ndimayesa mwamutuma."

Lilime anathamangira komweko. Kudoko ogulitsa anali atalongedza kale. Maboti omangidwa ankagundana, nyanja ikubangula, itasanduka yotuwa ngati phulusa. Panali khoma lalitali la miyala lotchinga mafunde, lolowa mpaka m'kati mwa madzi. Kumapeto kwenikweni kwa khomalo kunkaoneka kanthu kachikasu. Linali juzi la Kafunse.

Lilime anayenda chowerama pamiyala yoterera, madzi amchere akumuwaza m'maso. Anapeza mwanayo atadzimanga m'chiuno n'kumangirira chingwecho ku chitsulo chokolekapo sitima. Nsonga inayo anali ataikulunga m'manja. Milomo yake inali itayera ndi kuzizira.

"Tiye kunyumba," anatero Lilime, akulimbana ndi mfundo. Inali itanyowa, yolimba ngati mwala.

"Musamasule, achemwali," anatero Kafunse akumukankha dzanja. "Mphepo ija ndi imeneyi. Sitima ikamauluka ndiwaponyera Ababa chingwe. Inunso gwirani apa, mungatengedwe."

Funde linamenya khoma, madzi n'kuwadutsa m'mawondo. Lilime anaona lina likudzikundika patali, lalikulu kuposa loyambalo. Anadziwa kuti mwana akamapalapata, mfundoyo siimasuka. Anagwada n'kumugwira masaya.

"Ndinakunamiza. Nyanja singatayike."

"Koma lalanje lija?"

"Lalanje ndi kanthu kakang'ono, kalibe mphamvu yogwira madzi. Dziko ndi lalikulu kwambiri, ndipo chinthu chachikulu chotero chimakoka chilichonse n'kuchikanikizira kwa icho. Limakoka iwe, ine, miyala, sitima, ngakhale mpweya umene tikupumawu. N'chifukwa chake ukadumpha umabwerera pansi."

"Nanga likathamanga?"

"Silithamanga chifukwa cha mphepo. Kuti lizungulire kamodzi kokha pamafunika usana ndi usiku wathunthu. Taona funde ilo." Anamutembenuzira mutu kumiyala ya kutsogolo, kumene madzi anathovoka n'kukwera m'mwamba kuposa denga la nyumba. "Lakwera. Tsopano likupita kuti?"

Kafunse anayang'anitsitsa. Madziwo anaima kamphindi m'malere, kenako anagwa onse ndi mkokomo.

"Lagwa," ananong'ona.

"Onse amagwa. Palibe dontho limene limathawa."

Manja a mwanayo anafooka. Lilime analuma mfundo ija ndi mano, akukoka ndi zala mpaka chikhadabo chinathyoka. Chingwe chitangomasuka, anamubereka mng'ono wakeyo n'kuyamba kuthawa. Kumbuyo kwawo kunamveka chiphokoso. Atacheuka, chitsulo chija sichinkaoneka, madzi anali atachimiza. Pamene ankaphwera, chingwe chinali chitapita.

Amayi anawapeza pakhomo akunjenjemera. Sanakalipe. Anamvetsera nkhani yonse kuchokera pakamwa pa Lilime, nkhope yawo itauma, kenako anamuvula Kafunse zonyowa n'kumufunditsa bulangeti. Kukhala chete kwawoko kunamupweteka Lilime kuposa ndodo. Anapita kukhitchini kukatenthetsa mkaka, chala chikuwawa, n'kubwera nawo m'kapu.

Atafika pakhomo la chipinda anamva mawu a Kafunse, otsika, osasa.

"Amayi, zoti dziko limakoka nyanja n'zoona?"

"N'zoona, mwanangu. Sitima ya bambo ako ili pamadzi, ndipo madziwo sakupita kulikonse. Mkulu wako sanakuuze?"

"Anandiuza." Mwanayo anasuzumira kukhomo, maso ake n'kukumana ndi a Lilime. Munalibe mkwiyo m'masomo, koma anawabweza msanga. "Koma ndimafuna ndimve kwa inu."

Lilime analowa mwakachetechete, n'kupereka kapu ija kwa amayi kuti amumwetse iwowo.