Tayala la Kumbuyo Kumanzere

A Sizivuta anatseka galaji mochedwa tsiku limenelo, maminibasi atasiya kale kuyenda. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa galimoto iliyonse yobwera, ngakhale yochita kukokedwa ndi chingwe, iwo ankangoti, "Sizivuta zimenezi." Koma usiku uwu anatuluka pageti osatsanzika ngakhale kwa mlonda. Mtima sunali m'malo.

Chinawachedwetsa ndi galimoto yakuda ya mayi wina, dokotala, kasitomala watsopano. Inali galimoto yapamwamba, ya mipando yachikopa, yoti ukatseka chitseko phokoso lakunja silimveka. Padashibodi pankayaka kagetsi kachikasu ka ABS, kochenjeza za vuto la mabuleki. Mayiyo anati m'mawa mwake adzaperekeza mwana wawo wamkazi kusukulu, ulendo wautali wodutsa m'mapiri. Inali nyengo ya mvula.

Vuto analipeza msanga. Anaikweza pamajeke, analumikiza kompyuta yoyezera, n'kumazunguza matayala ndi manja, limodzilimodzi. Atatu ankaonetsa liwiro bwinobwino. La kumbuyo kumanzere linkati kuwerenga, kusiya, kuwerenga, kusiya. Anakwawira pansi n'kuona sensa, kachipangizo kamene kamauza galimoto mmene tayala likuthamangira. Ataika mita yoyezera magetsi pa kawaya kake n'kukagwedeza, manambala anathawa. Kanali kataduka m'kati.

Sensa yatsopano inalipo, ili m'pepala lake. Koma yakaleyo inali itamatirira ndi dzimbiri, ndipo atakoka sipanala mwamphamvu, kabawuti komangira sensayo kanathyokera momwemo. Kuti aichotse panafunika kuboola pang'onopang'ono, ntchito ya maola atatu. Msana unkawawa, m'mimba munalibe kanthu chiyambire m'mawa. Anayang'ana uku ndi uku. Anasenda kawaya kaja, anakapota, anakakulunga ndi tepi, n'kufufuta vutolo pakompyuta. Kagetsi kanazima. Sensa yatsopano anaiponya mudilowa.

"Mabuleki akugwira," ankadziuza choncho akuyenda m'mbali mwa msewu. Zinali zoona. Koma ankadziwanso zina: kawayako kakadzamasuka pabampu, pamsewu wonyowa, munthu akadzaponda buleki mwadzidzidzi, matayala adzauma gwa, galimoto n'kuyamba kutsetsereka ngati sopo.

Kunkawaza mvula yamawawa. Anadutsa mashopu otseka, anadutsa malo omwetsera mafuta pomwe getsi limodzi lokha linkaphethira. Kutsogolo msewu unkatsetsereka n'kukhota kulowa pamlatho. Kumeneko kunalibe magetsi.

Atafika pakati pa mlathowo anamva mapazi kumbuyo. Chapu... chapu... ngati nsapato zodzaza madzi.

Anaima. Mapazi aja anaimanso.

Anacheuka. Panalibe munthu.

Atabweza nkhope kutsogolo, mtima unadumpha. Munthu! Anali ataima pafupi ndi chitsulo cham'mbali mwa mlatho, pamene chinapindikira kunja. Bambo wamtali, wovala suti yotuwa, mandala ali pamphuno. Madzi ankachucha m'manja mwa sutiyo, ochuluka kuposa mvula imene inkagwa.

"Mwaswera bwanji, bwana?" anatero a Sizivuta.

Bamboyo anawayang'ana.

"Kazima?" anafunsa.

"Chiyani, bwana?"

"Kagetsi."

A Sizivuta anayesa kuyenda. Miyendo inakana. Kunkanunkha matope, ndi mafuta a galimoto, ndi chinachake chozizira cha pansi pa mtsinje.

"Inenso munandiuza choncho," anatero mlendoyo motsitsa, mopanda ukali. "Munati ndi kagetsi chabe."

"Ine... ine sindikukudziwani, bwana."

"Ndinaponda. Ndinapondadi." Anakweza phazi n'kuliponda pansi. Chapu! "Sinamve."

Kenako anasendera pafupi. Mpweya wake sunkamveka. M'mandala mwake munali madzi.

"Mawa anthu awiri akwera galimoto ija."

Patali panatulukira lole, magetsi ake anawala pamlatho ponse. A Sizivuta anatseka maso. Lole inadutsa, mlatho unagwedezeka. Atatsegula maso... chitsulo chopindika chija, basi. Pansi pake panali chithaphwi.

Kunyumba kunali pafupi. Koma anatembenuka, n'kuliyatsa liwiro kubwerera kumene anachokera.

Mlonda, mkulu wachikulire wofunda chikhoti chachikulu, anatsegula geti akudabwa. "Akuthamangitsani akazi anu kodi?"

"Gwirani tochi, madala. Musafunse."

Anaikwezanso galimoto, anachotsa tayala. Anamatula tepi ija, ndipo kawaya kanangomasuka kokha m'manja mwawo, asanakoke n'komwe. Anakhala pansi kaye, akukayang'ana. Kenako anatenga choboolera. Anaboola kabawuti kothyoka kaja mosamala, anaichotsa sensa yakale zidutswazidutswa, anapala dzimbiri mpaka bowo linawala. Anapukuta timano ta mkombero timene sensa imawerenga. Anatulutsa yatsopano mudilowa, anailowetsa, anamanga ndi kabawuti kena, kawaya kake anakadutsitsa m'malo mwake monse kuti kasakhudze tayala. Atabwezera tayala n'kulizunguza, kompyuta inawerenga osadukiza. Matayala onse anayi. Kunja kukuyera anaiyendetsa pamsewu wonyowa kuseri kwa galaji, n'kuponda buleki mwamphamvu. Buleki inanjenjemera pansi pa phazi, galimoto inaima mowongoka.

Mayi dokotala anafika dzuwa litangotuluka, pamodzi ndi mtsikana wawo wovala yunifolomu, akukoka sutikesi.

"Mwagona konkuno?" anafunsa ataona maso awo ofiira.

"Inavuta pang'ono, mayi."

"Ee? A Sizivuta, zavuta?" Mayiyo anaseka, mtsikana uja nayenso anaseka.

A Sizivuta anawatsegulira chitseko. Mayiyo atakhala pampando anatsitsa chotchingira dzuwa, ndipo kachithunzi kanagwa pansi, panja. A Sizivuta anawerama kukatola. Anakatembenuza.

Suti yotuwa. Mandala.



"Awa ndi ndani, mayi?"

"Bambo ake a uyu." Mayiyo analandira chithunzicho n'kuchipukuta pamalaya. "Anatisiya. Chaka chino chikhala chachisanu ndi chiwiri. Pamlatho apo, pokhota paja. Kunali mvula. Apolisi anati galimoto inangotsetsereka n'kugwera m'madzi." Anapumira m'mwamba. "Ife tinasamuka maliro atatha, tangobwerera chaka chino."

Apo a Sizivuta anamuzindikira bamboyo. Zinabwera zonse pamodzi: galimoto yasiliva, tsiku Lachisanu lotanganidwa, bambo waulemu wofulumira, sensa imene inasowa m'mashopu onse. Anakumbukira manja awo omwewa akumasula dashibodi, akumata katepi kakuda kuseri kwa kagetsi kuti kasaonekenso. Bamboyo sanabwerenso, ndipo iwo ankangoganiza kuti anapeza makaniko wina.

"Mwina simungawakumbukire, mumaona anthu ambiri," anapitiriza mayiyo. "Koma iwo ankakukhulupirirani kwabasi. Dzulo lake la ngoziyo anali kwa inu kuno, anabwera kunyumba akukutamani. Nambala yanu ndinaipeza m'kabuku kawo, analemba okha: galimoto ikavuta, kwa a Sizivuta. N'chifukwa chake sindinapite kwina."

"Mayi..." Mtsikana uja ankawayang'ana pawindo, akumwetulira, nkhope yake ndi ya pachithunzi ija. "Mayi, ine..."

"Musadandaule, zinapita zimenezo. Mulungu akudalitseni, mwatigonera panja chifukwa cha ife." Anayang'ana wotchi. "Tiyeni tithamange, mvula isanayambe."

Galimoto inatuluka pageti mwakachetechete, inakhota, n'kulowera kumsewu wa kumlatho. A Sizivuta anaima pomwepo mpaka inabisika. Mlonda anawabweretsera tiyi m'kapu yachitsulo, koma iwo anangoigwira osamwa, akuyang'anabe kumsewu.

"Bwanji kodi, abwana? Ntchito mwaigwira bwino."

A Sizivuta anaika kapu pansi. Analowa mu ofesi, anatsegula buku la makasitomala, anapeza nambala ya mayiyo, n'kuilemba pachikhatho. Anakhala pabenchi, foni ili m'manja, kudikira kuti anthu awiriwo akafike kaye asanawaimbire mayiyo n'kuwauza zoona.