Tebulo la Mizeremizere

Esinala amakhala ku Chikwawa. Bambo ake, a Feston, amakonza njinga za kabaza.

Tsiku lina a Feston ankawongola chitsulo pa tebulo lawo. Anamenya ndi hamala. Thabwa la pamwamba linathyoka. Phwa!

"Ndigwirira pati ntchito?" anadandaula a Feston.

Njinga zinali kudikira. Eni ake analinso kudikira.

Thabwa lalikulu panalibe. Kuseri kwa nyumba kunali timatabwa totsala basi. Tinali titalititali koma topyapyala.

Esinala anatenga kathabwa kamodzi. Anakagoneka pa njerwa ziwiri. Anapondapo. Kanapindika.

Kenako anakaimika cham'mbali. Mayi ake, a Imelda, anakagwirira. Esinala anapondaponso. Sikanapindike!

Anadumpha pang'ono. Sikanapindikebe!

"Ababa, bwerani mudzaone!" anafuula Esinala.

A Feston anabwera. Anapondapo nawonso. Anatong'ola maso.

"Kathabwa komweka?" anafunsa.

"Komweka, ababa. Tiimike tonse chonchi. Timatabwati tikumbatirane."

Anayamba ntchito. A Feston ankadula. Esinala ankapaka guluu. Kathabwa, guluu. Kathabwa, guluu. Kathabwa, guluu.

"Nanga timanga ndi chiyani kuti tigwirane?" anafunsa a Feston.

A Imelda anabweretsa machubu akale a njinga. Onse atatu anakoka. Anakoka, anamanga. Anakoka, anamanga. Thukuta linali kamukamu.

"Tsopano tidikire guluu aume," anatero a Feston.

Esinala anadikira. Kudikirako kunali kowawa!

M'mawa anamasula machubu aja. Timatabwa tonse tinali tasanduka chithabwa chimodzi. Chinali chochindikala. Chinali cholemera. A Feston ndi a Imelda anachinyamula movutika. Anachikhomera pa miyendo ya tebulo.

Kenako a Feston anapala pamwamba. Fwee! Fwee! Zopalidwa zinagwa pansi zitapotanapotana.

Esinala anayang'ana. Anagwira pakamwa.

Panali mzere wofiira. Panali mzere wachikasu. Panali mzere wakuda. Mizere, mizere, mizere!

"Mitundu yonseyi inabisala kuti?" ananong'oneza Esinala.

"Inali m'kati mwa mitengo," anayankha a Imelda.

Esinala anasisita tebulo. Linali see, ngati galasi.

A Feston anamukweza pamwamba pa tebulo. "Vina, mmisiri wanga!"

Esinala anavina. A Imelda anakwera, navinanso. Tebulo silinagwedere ngakhale pang'ono.

Akabaza anaomba m'manja. Analiza mabelu a njinga zawo. Ngiri! Ngiri! Ngiri!