Mwachira Kale, Gonani

Pamene Chibwereza ankatuluka pachipata cha chipatala, minibasi yomaliza inali itapita kalekale. Mtima wake unali ukuwira. M'mawa mwake kunali mayeso a unamwino, mayeso omwe anali atalephera kale kawiri, mpaka anzake kumupatsa dzina lachipongwelo. Akalepheranso ulendo uno, basi, yunifolomu avule abwerere kwawo. Ndiye tsiku ngati limeneli sisitala wamkulu n'kumusunga m'wodi ya amayi mpaka usiku? Ati anthu ogwira ntchito achepa. Anthu achepa! Anawachepetsa ndi iyeyo kodi?

"Iwo anakhoza kale, za ena alibe nazo ntchito," ankang'ung'udza, buku lili kukhwapa losatsegula chiyambire m'mawa.

Amene anamutsirizitsa kwenikweni anali mtsikana wa pabedi la pawindo, wobereka koyamba, amene anachira madzulo omwewo. Chibwereza atangonyamula chikwama, uyo wayamba: "Anesi, ludzu." Anamupatsa madzi. Asanafike pakhomo: "Anesi, ndikumva kuzizira." Anabwerera, namufunditsa bulangeti. Atamva "Anesi" wachitatu sanadikire n'komwe kuti amalize.

"Mwachira kale, mayi. Mwana ali bwinobwino. Gonani!"

Mayi ake aang'ono a mtsikanayo, omwe ankamudikirira, anali akuliza mkonono pansi pa bedi. Sisitala anali kuchipinda chochirira ndi mayi wina. Chibwereza anatuluka osacheuka, akuti mumtima, anthu ena amayesa namwino ndi wantchito wa kunyumba kwawo.

Njira yachidule inkadutsa kuseri kwa chipatala, pafupi ndi nyumba yakale yochapiramo zofunda imene inatsekedwa kalekale, n'kutsetserekera kukamlatho kachitsulo. Magetsi a mumsewu anathera pa mpanda. Foni inali itazima. Pofuna kupha mbalame ziwiri, kuwerenga ndi kuthamangitsa mantha, anayamba kudzifunsa mokweza monga amachitira aphunzitsi.

"Mayi akataya magazi ambiri atabereka, zifukwa zake n'ziti? Chiberekero kusalimba. Kung'ambika. Nsengwa kutsalira. Magazi kusaundana. Ehe! Nanga zizindikiro zoti magazi akutha m'thupi?"

Apo anaima. Nthawi zonse ankaima pomwepo. Chaka chatha funso lomwelo linamudyera mamalikisi, ndipo lero mutu unali mbee, ngati sanalowepo m'kalasi.

"Zizindikiro zake... zizindikiro zake..."

"Ludzu."

Chibwereza anadumpha, buku n'kugwa. Pamlathopo panali mzimayi atatsamira chitsulo, atadzikulunga bulangeti la chipatala, lamtundu wakale lija lamizere. Kumapazi kunalibe nsapato.

Mantha anangobwera n'kupita, mkwiyo n'kutenga malo. Wodwala wathawa m'wodi! Ntchito ina imeneyo, usiku uno!

"Mayi inu, mwatuluka bwanji? Mukufuna mundichotsetse ntchito ndisanaiyambe n'komwe?"

"Choyamba ndi ludzu, anesi," anatero mzimayiyo, mawu ake ali pansipansi. "Umamwa, koma silitha."

"Ndakufunsani kuti..."

"Kenako kuzizira. Amakufunditsa, koma kuzizirako kuli mkati."

Chibwereza anatola buku pang'onopang'ono. Achule omwe ankasokosa pansi pa mlatho anali atasiya. Mphepo inalibe. Komabe bulangeti lija linkagwedezeka.

"Kenako umayasamula. Maso amachita mdima. Ukaitana kachitatu, amakukalipira."

Mzimayiyo anatulutsa dzanja m'bulangeti.

"Tandigwirani apa."

Chizolowezi n'choipa. Chibwereza asanaganize, zala zake zitatu zinali zitakhala kale pamkono pamene amamvera kugunda kwa mtima. Khungu linali lozizira ngati mpopi wa m'mamawa. Pambali pa chala chaching'ono panali kachala kena, kachisanu ndi chimodzi, kopanda chikhadabo. Anadikira. Anasuntha zala. Anadina kwambiri.

Palibe.

Anayesa mkono winawo. Zii...

"Nanenso anandiuza kuti ndachira," anatero mzimayiyo. Tsopano anadzutsa nkhope. Milomo yoyera. Maso olowa. "Anati ndigone. Ndinagona."

Fungo la magazi linamufika Chibwereza m'mphuno.

"Ine ndinamvera. Koma wangayo ayi!" Mawuwo anakwera, chitsulo cha mlatho mpaka kunjenjemera. "Wangayo simumugoneka choncho! Mumawerenga chiyani m'mabukumo, inu anthu?"

Mwadzidzidzi zala zake zitatu zinali zitagwira mphepo. Pamlatho panalibe munthu. Achule anayambiranso.

Kutsidya kunali kunyumba, kandulo ndi tebulo lowerengerapo. Kumbuyo kunali chipatala. Ludzu... kuzizira... "Anesi" wachitatu uja... Mayo! Bedi la pawindo!

Anathamanga. Nsapato imodzi inatsala m'matope, sanaitole. Mlonda wa pachipata anangoona choyera chikudutsa, naye n'kutsala pang'ono kuthawa.

M'wodi munali bata lonyenga. Mtsikana uja anali chigonere, akuyasamula, thukuta lili pamphumi. Chibwereza anavundukula bulangeti lomwe anamufunditsa yekha. Matiresi onse anali atanyowa, magazi akudonthera pansi, pafupi ndi mutu wa mayi aang'ono aja. Mtima unkagunda mothamanga koma mofooka, ngati ulusi. Mimba ataikhudza inali yofewa ngati siponji.

"Sisitala! Sisitala, thandizeni kuno! Akutaya magazi!"

Sanadikire kuuzidwa. Anaika dzanja pamimba n'kuyamba kutikita chiberekero mwamphamvu, magazi oundana akutuluka, mtsikanayo akubuula. Sisitala anafika ndi jakisoni wolimbitsa chiberekero. Wina anabwera ndi diripi, wina anathamangira dokotala, wina kukatenga magazi. Mayi aang'ono aja anadzuka n'kuyamba kulira manja ali kumutu, mpaka anachita kuwatulutsa panja. Pansi pa dzanja la Chibwereza, pang'ono ndi pang'ono, chiberekero chinayamba kulimba.

Kunja kutayamba kuyera, milomo ya mtsikanayo inali itabwerera mtundu wake. Sisitala anamuyang'ana Chibwereza kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato lija.

"Iwe sunapite kukawerenga? Unadziwa bwanji?"

"Ludzu, sisitala. Kuzizira, kuyasamula, khungu lonyowa, mtima wothamanga koma wofooka." Zinatuluka zonse osapunthwa.

"Nanga bwanji sunandiuze usanachoke?"

Chibwereza anangoweramira pansi, manyazi akumudya. Sisitala anapumira m'mwamba.

"Kasambe. Ndikubwereka nsapato. Mayeso ako sadikira."

Asanapite, anafuna kumvanso mtima wa wodwala wake komaliza. Anatenga dzanja lomwe linalibe diripi, naika zala zitatu pamkono. Unkagunda bwino tsopano, modekha. Koma maso ake anagwera pambali pa chala chaching'ono. Kachala kena, kopanda chikhadabo...

Mayi aang'ono aja anali atalowanso, atanyamula khanda. Anaona pamene namwinoyo wayang'anitsitsa.

"Kachalako? Musadabwe, anesi, n'ka mayi ake. Akulu anga analinso nako, dzanja lomwelo."

"Ali kuti mayi akewo?" Mawu a Chibwereza anali ngati a munthu wina.

"Aaa, anatisiya kale. Mwanayu sanayamwepo bere lawo, ndamulera ndine. Anamwalira usiku womwe anamubereka, m'wodi yomwe ino, mabulangeti akadali amizere aja." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, kenako nkhope inalimba. "Usiku wonse ankapempha madzi, akuti akumva kuzizira. Mukudziwa chomwe namwino wake anawayankha? Ati, 'Mwachira kale, gonani.' Tinawapeza m'mawa atauma. Munthu wophunzira, wovala zoyera, kuyankha choncho! Ameneyo sindidzamukhululukira mpaka ndidzalowe m'manda."

Anasuntha khandalo, nagwira dzanja la Chibwereza ndi manja onse awiri.

"Akanapeza namwino ngati inuyo, anesi, bwenzi lero akunyamula mdzukulu wawo. Koma inu, bwanji manja anu azizira chonchi?"